Agogo anamenya nkhondo ku Burma: kodi a Britain atipatsa kanthu ngati a Gurkha?

Funso: Ndimagwira ntchito m'sitolo ina ku Mayfair kuno ku Joni. Agogo anga aamuna, a ku Machinga, anali msilikali wa KAR (King's African Rifles) ndipo anakamenya nkhondo ku Burma. Anatisiya kalekale, koma mamendulo awo anayi tikuwasungabe m'kachitini. Pa gulu lathu la WhatsApp pakuyenda uthenga woti boma la Britain layamba kupereka chipukuta misozi kwa zidzukulu za asilikali a nkhondo yachiwiri monga linachitira ndi a Gurkha, asilikali a ku Nepal otumikira Britain, ndipo bambo wina akutolera R800 kuti alembe maina. Kodi n'zoona? Nanga n'chifukwa chiyani azungu, amwenye ndi a Gurkha amalemekezedwa pomwe athu satchulidwa n'komwe? Ndine mdzukulu wa msilikali, Mayfair.

Yankho: Achimwene, R800 yanuyo musampatse bambo ameneyo. Boma la Britain silinakhazikitse thumba lililonse lolipira ana kapena zidzukulu za asilikali a King's African Rifles, ndipo palibe kaundula amene akulembedwa ku Joni, ku Lilongwe ngakhale ku London. Nkhani ya malipiro atsankho itaphulika mu 2019, aphungu ena a nyumba ya malamulo ya kumeneko anapempha kuti boma lifufuze, lipepese ndi kulipira nkhalamba zomwe zinali zidakali moyo. Boma silinalole. Ngati linamana eni ake amene anagwira mfuti, si zidzukulu zimene lingaziitanire pa WhatsApp kudzera mwa kamberembere wa pa Mayfair.

Mphekesera zotere zimamera pa zinthu zenizeni zimene anthu anazimva mwapatalipatali. Mu 2013 Britain inaperekadi mapaundi 19.9 miliyoni kwa anthu 5,228 a ku Kenya, koma amenewo anali anthu amoyo amene anazunzidwa m'ndende nthawi ya Mau Mau, pomwe anthu a kumeneko anaukira atsamunda, ndipo anakasuma kukhoti la ku London. Chiphaso cholowera ku Britain chifukwa cha agogo nachonso chilipo, koma chimafuna kuti agogowo akhale obadwira ku Britain komweko. Usilikali sawuwerengera.

Funso lanu lachiwiri ndilo lili ndi nyama, ndipo yankho lake likuyambira m'kachitini kanuko. Katsegulani. Ngati agogo anafikadi ku Burma, mupezamo mendulo yamtundu wa mkuwa yooneka ngati nyenyezi ya nsonga 6, yolembedwa kuti The Burma Star. Kansalu kake n'kofiira pakati, m'mbali muli buluu wodera wodulidwa ndi mzere wa olenji. Mwina pali nyenyezi inanso ya 1939–1945, ndi ziwiri zozungulira ngati ndalama: ina ya kansalu kobiriwira ndi olenji kokhala ndi timizere takuda, ina yojambulidwa mkango utaponda chinjoka. Itembenuzeni nyenyeziyo. Kumbuyo n'kosalala, kulibe dzina. Apa pokha tisawanamizire atsamunda: pa nkhondo yachiwiri Britain sinazokote maina pa mamendulo otere ngakhale kwa anyamata ake a ku Manchester. South Africa, India ndi Australia ndiwo anazokota maina pa mamendulo a asilikali awo.

Nyenyezi imeneyo agogo sanaitole pansi. Amuna pafupifupi 30,000 a ku Nyasaland analowa usilikali pa nkhondo yachiwiri. Anamenya ku Moyale m'malire a Kenya ndi Ethiopia mu July 1940, n'chifukwa chake baraki ya ku Mzuzu ili ndi dzina limenelo. Anamenya ku Somaliland, ku Ethiopia, ku Madagascar mu 1942. Mu 1944 gulu la 11th East African Division, momwe munali mabataliyoni a kwathu, linatumizidwa kukathamangitsa asilikali a Japan m'chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula yosakata, nthawi imene ankhondo ambiri ankaima kudikira kuti kuyere. Misewu inasanduka matope, chakudya chimaponyedwa kuchokera m'ndege, malungo ndi matenda a nthata za m'tchire anagwetsa anthu ambiri kuposa zipolopolo. Pofika kumayambiriro kwa December anali atafika ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin. Pamodzi ndi a ku West Africa, Aafirika pafupifupi 90,000 anatumikira ku Burma.

Pa nkhondo yachiwiri, mamendulo osonyeza kuti munthu analipo anali a onse. Tsankho linali pa mamendulo a kulimba mtima. Wapamwamba kwambiri, Victoria Cross, unayamba mu 1856. Asilikali a ku India analoledwa kuulandira kuyambira 1911, ndipo woyamba anali Khudadad Khan, amene anakakamira pa mfuti yake ya chiwaya ku Belgium pa 31 October 1914 anzake onse ataphedwa. M'Gurkha woyamba anali Kulbir Thapa mu 1915, ndipo mpaka lero a Gurkha enieni 13 anaulandira. Mmodzi wa iwo, Lachhiman Gurung, anaupeza ku Burma komweko mu May 1945, atamenya usiku wonse ndi dzanja limodzi bomba litamuphulikira kudzanja lamanja. Mwa asilikali akuda onse olembedwa m'maiko a Africa olamulidwa ndi Britain, pa nkhondo zonse ziwiri, palibe ndi mmodzi yemwe anaupatsidwa. Mu KAR unapita kwa azungu: Nigel Leakey ku Ethiopia mu 1941, ndi Alexander Cobbe ku Somaliland mu 1902, yemwe dzina lake lili pa baraki ya ku Zomba. Msilikali wakuda anali ndi mendulo yakeyake ya kulimba mtima, African Distinguished Conduct Medal, yomwe inathetsedwa mu 1942. Ine sindikhulupirira kuti m'zaka zonsezo, mwa amuna zikwi mazanamazana, munalibe wolimba mtima ngati Gurung. Wolemba lipoti anali mzungu, wolivomereza anali mzungu, ndipo onse ankadziwa pomwe denga la munthu wakuda linathera.

Chitsanzo chake chili pakhomo panu pomwepa. Job Maseko wa ku Springs anagwidwa ndi Ajeremani ku Tobruk, ku Libya, mu June 1942. Ali mkaidi wotsitsa katundu padoko, anapanga bomba m'kachitini ndi onga wa m'zipolopolo, nalibisa pakati pa migolo ya petulo m'sitima ya adani, sitimayo n'kuphulika. Anampatsa Military Medal. Anamwalira mu 1952 ali mmphawi, atagundidwa ndi sitima ya pamtunda, ndipo anaikidwa ku Payneville. Lucas Majozi, wonyamula ovulala ku El Alamein, ku Egypt, amene anapitiriza ntchito atalasidwa kangapo, analandira Distinguished Conduct Medal, ndipo palibe msilikali wakuda wa ku South Africa anaposa pamenepo. Anzawo ambiri pobwera kunkhondo anapatsidwa suti ya kaki ndi njinga, pomwe azungu ankathandizidwa ndi nyumba, minda ndi maphunziro.

Za ndalama za agogo anu zinalembedwa poyera m'mapepala a boma la atsamunda a 1945. Ndalama yothokoza pa kutha kwa nkhondo inkawerengedwa pa mwezi uliwonse umene munthu watumikira. Msilikali wamba wachizungu ankalandira masheleni 10 pa mwezi, mmwenye wolembedwa ku East Africa masheleni 7 ndi theka, wakuda masheleni 3 ndi theka. Kopolo wachizungu 12, kopolo wakuda 4. Tiyerekeze kuti agogo anatumikira zaka 4, miyezi 48: anabwera ndi masheleni 168, omwe ndi mapaundi 8 ndi masheleni 8, pomwe mzungu wa udindo womwewo anatenga mapaundi 24. Ndipo mzunguyo sikuti anachita kuchokera ku Mangalande. Ngakhale wobadwira pa esiteti ya ku Thyolo ankawerengedwa pa mlingo wapamwambawo. Onjezerani apo chikoti, chomwe chinathetsedwa m'gulu la nkhondo la Britain mu 1881 koma mu KAR chinalirabe pamsana pa anthu mpaka 1946.

Koma chimene chimandiwawa kuposa ndalama ndi maina. Pa nkhondo yoyamba, ija makolo athu ankaitcha ya Chiwaya, Nyasaland inapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. Amtengatengawo ambiri anachita kugwidwa m'midzi, mafumu akuopsezedwa, n'kusenza mitolo kuchoka ku Karonga kulowera ku Tanganyika ndi ku Mozambique. Njala, kamwazi ndi chibayo zinawatha m'njira. John Chilembwe anaziona zikuyamba: itangochitika nkhondo ya ku Karonga ya pa 9 September 1914, analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kufunsa chimene munthu wakuda adzapindule pokhetsa mwazi wake pa nkhondo ya eni. Nkhondo itatha, bungwe losamala manda a asilikali linalonjeza kuti aliyense wakufa adzakhala ndi dzina lake pa mwala, posayang'ana udindo kapena chipembedzo. Ku France ndi ku Belgium linasungadi lonjezolo. Ku Africa akuluakulu ake anagwirizana ndi mabwanamkubwa kuti zipilala zopanda maina zikwana, monga zija za ku Nairobi, Mombasa ndi Dar es Salaam, ndipo manda ambiri a anthu akuda anangosiyidwa kuti tchire liwameze. Bwanamkubwa wa Gold Coast, yomwe lero ndi Ghana, ananena mu 1923 kuti munthu wamba wa kumeneko sangamvetse kapena kuyamikira mwala wa pamanda. Munthu amene anaonapo matchona akusonkha ndalama kuno kuti thupi la mnzawo likagone kwawo ku Mangochi, kapena banja likusunga ndalama chaka chathunthu kuti limange chiliza, aweruze yekha mawu amenewo.

Bungwelo, lomwe lero ndi Commonwealth War Graves Commission, linavomera mlandu mu April 2021. Lipoti lake linapeza kuti akufa pakati pa 45,000 ndi 54,000 anakumbukiridwa mosalingana ndi azungu, ndipo ena osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, makamaka a ku East Africa ndi Egypt, sanalembedwe maina paliponse. Nduna ya zachitetezo Ben Wallace inapepesa m'nyumba ya malamulo pa 22 April chaka chomwecho. Chipatso chimodzi cha kupepesako chili ku Cape Town, m'munda wa Company's Garden, momwe mu January 2025 anatsegula chikumbutso cha mizati yamatabwa yokhala ndi maina opitirira 1,700 a antchito akuda a nkhondo yoyamba.

Ife a ku Malawi tinachitako mwayi pang'ono. Nsanja ya njerwa zofiira ija mumaiona polowa mu Zomba kuchokera ku Blantyre ili ndi maina a asilikali a KAR opitirira 1,200 amene anafa pa nkhondo yoyamba. Amtengatenga ndiwo anatsala opanda powerengera.

Tsono mwati amwenye amalemekezedwa. Pang'ono pokha, achimwene. India inapereka amuna opitirira 1 miliyoni pa nkhondo yoyamba, pafupifupi 74,000 osabwerako, ndi 2.5 miliyoni pa yachiwiri. Ali ndi India Gate ku New Delhi ndi chipilala cha ku Neuve-Chapelle ku France. Koma pa chipilala cha ku Basra ku Iraq, maina a asilikali a Britain anazokotedwa limodzilimodzi, pomwe asilikali wamba a ku India opitirira 30,000 anangolembedwa ngati chiwerengero pansi pa dzina la gulu lawo. Tsiku lina mukapuma ku sitolo, kwerani phiri la Observatory Ridge kuseri kwa Yeoville. Pamwamba pake pali chipilala chamiyala cha 1902 chokumbukira anthu a gulu la nkhondo la India amene anafa pa nkhondo ya Mabunu ndi Angerezi, ambiri a iwo osamala akavalo ndi onyamula ovulala. Chimatchula zipembedzo zawo, Asilamu, Akhristu, Ahindu, Asikh ndi ena, osati anthuwo mmodzimmodzi. Mupite masana ndipo musapite nokha. Nawo mbiri yathu ndi yolukana ndi yawo: asilikali achi Sikh ndiwo anabwera ndi Harry Johnston mu 1891 kudzamenyana ndi mafumu a kunyanja monga Makanjira, ndipo ndiwo anaphunzitsa perete asilikali oyamba a kwathu.

Apa ndipatukeko pang'ono, chifukwa nkhani ya mamendulo si yoyera mbali zonse. Pali mendulo ya Africa General Service yokhala ndi kachitsulo kolembedwa Nyasaland 1915. Inaperekedwa kwa amene anathandiza kuzimitsa kuukira kwa Chilembwe, ndipo ena mwa oilandira anali asilikali akuda a KAR. Banja lina likusunga mendulo imeneyo, banja lina likulira agogo amene anaphedwa ku Mbombwe. Onse ndi Amalawi. N'chifukwa chake maboma ambiri atalandira ufulu, India ndi ife tomwe, sanadziwe pomuika msilikali wa mfumu ya ku Mangalande, ndipo kuiwalika kwina kunachokera kwathu konkuno.

Nanga a Gurkha anapambana bwanji? Choyamba, iwo sanachoke. Akhala akulembedwa usilikali ndi Angerezi kuyambira 1815, ndipo India italandira ufulu mu 1947, pangano la Britain, India ndi Nepal linasiya magulu ena m'manja mwa Britain. Mpaka lero anyamata a ku Nepal amalembedwa chaka ndi chaka. Ndiye kuti bwana wawo ndi yemwe uja, akadalipo, ndipo angathe kumusumira. Za ife zinasiyana: pa 6 July 1964 bataliyoni yoyamba ya KAR inasanduka Malawi Rifles, ndipo kuyambira pamenepo Britain imanena kuti udindo wosamala asilikali akale unapita kwa maboma atsopano. Ndi yankho lozembera, koma m'khoti ndi lovuta kuligwetsa.

Chachiwiri, a Gurkha sanapatsidwe pa mbale. Kwa zaka zambiri penshoni yawo inkawerengedwa pa mlingo wa ku India, kachigawo chabe ka ya mnzawo wachingerezi, ndipo akapuma ankabwezedwa ku Nepal. Mu 2004 boma linalola kukhazikika ku Britain okhawo amene anapuma pambuyo pa 1 July 1997. Mu 2007 Tul Bahadur Pun, nkhalamba yokhala ndi Victoria Cross ya ku Burma, anakanizidwa chiphaso poti analibe ubale wokwanira ndi Britain, mpaka anthu atakwiya m'pamene anamulola. Panali mabungwe awo, maloya, chigamulo cha khoti lalikulu mu September 2008, ndi Joanna Lumley, katswiri wa zisudzo amene bambo ake anatumikira ndi a Gurkha. Pa 29 April 2009 boma linagonja pa voti m'nyumba ya malamulo, 267 kwa 246, ndipo pa 21 May linalengeza kuti aliyense amene anatumikira zaka 4 angathe kukhazikika. Onani bwino: chimene anapeza ndi ufulu wokhala, wa msilikali mwini ndi a pabanja pake, osati cheke cha zidzukulu. Za penshoni ya amene anapuma 1997 isanafike mkangano ukadalipo; mu August 2021 ena a iwo ananyanyala chakudya masiku 13 pafupi ndi Downing Street, komwe kuli ofesi ya nduna yaikulu ya Britain. Ngakhale azungu eni ake ena anadikira: amalinyero amene ankaperekeza sitima za katundu ku Russia m'nyanja yozizira ya kumpoto analandira mendulo yawo, Arctic Star, mu 2013, ambiri atafa kale.

Asilikali athu analibe zonsezo. Anabalalika m'midzi, ena anabwera ku migodi kudzera ku Wenela, ena anathera m'nyumba za asilikali okalamba pafupi ndi nsanja ya ku Zomba. Pamene dziko linayamba kumva manyazi, mu 2002 pomwe Mfumukazi Elizabeth inatsegula Memorial Gates ku London kukumbukira anthu 5 miliyoni a ku India, Africa ndi Caribbean, kapena mu 2017 pa chipilala cha ku Brixton mu London momwemo, otsala anali owerengeka. Chikumbutso chawo chenicheni chinatsalira m'mabwalo a kumudzi, m'magule a beni, malipenga ndi mganda, momwe mpaka lero anthu amaguba atavala kaki kapena zoyera, mamendulo ali pachifuwa.

Thandizo la ndalama limene lilipodi n'lochepa ndipo lili ndi eni ake. Bungwe la Royal Commonwealth Ex-Services League limathandiza asilikali amene anatumikira Britain maiko awo asanalandire ufulu, pamodzi ndi akazi awo amasiye, ngati ali pa umphawi. Mu 2018 boma la Britain linaikapo mapaundi 11.8 miliyoni kuti anthu oposa 7,000 m'maiko osiyanasiyana azidya kawiri pa tsiku. Ndi chithandizo cha chakudya, si malipiro a mlandu. Ngati agogo aakazi akadali moyo ku Machinga, wachibale apite ndi mamendulowo ndi pepala lililonse la usilikali ku bungwe la asilikali opuma la VELOM kukafunsa. Kulembetsa kotere sikulipiritsidwa.

Mamendulowo musawagulitse. Ogula zinthu zakale m'misika ya muno angakupatseni ndalama yosakwana n'komwe thumba la ufa, chifukwa nyenyezi zopanda dzina zinapangidwa zambirimbiri. Musawakweche ndi phulusa kapena mankhwala opukutira zitsulo, ndipo kansalu kakang'ambika musakataye. Mwambo umalola wachibale kuvala mamendulo a malemu kudzanja lamanja la chifuwa, pomwe mwini wake amavala kumanzere. Lamulungu lachiwiri la November kumakhala mwambo pa Cenotaph ya pa Beyers Naudé Square m'tauni, chipilala cha 1926 chomwe mu 1996 chinapatulidwanso kuti chikhale cha onse. Pa 21 February amakumbukira sitima ya Mendi, yomwe inamira mu 1917 ndi anthu 646, ambiri a iwo antchito akuda. Chikumbutso chake chili kumanda a Avalon ku Soweto, ndipo anachitsegula ndi Mfumukazi Elizabeth mu 1995 pamaso pa Nelson Mandela. Anzawo a anthu amenewo amene anapulumuka, boma la South Africa linawamana ngakhale mendulo ya nkhondo. Ku Saxonwold, pafupi ndi kosungira nyama, kuli nyumba ya mbiri ya nkhondo ya Ditsong komwe mungaone mamendulo ofanana ndi anuwo.

Ntchito imene ndingakulimbikitseni, ndipo palibe angakugwirireni, ndi kupeza nambala ya usilikali ya agogo. Nambala ndiyo kiyi wa zonse, chifukwa maina ankalembedwa mmene kalaliki wawamvera: Saidi amasanduka Sayidi kapena Said, dzina la bambo limakhala la mwana, ndipo anyamata ambiri ankalembetsa ndi dzina lobwereka pothawa makolo kapena msonkho. Funsani azakhali ndi amalume ngati kabuku ka malipiro kapena chikalata chotulukira usilikali chili m'sutikesi ina kumudzi. Yang'anani m'mphepete mwa mamendulo ozungulirawo ndi galasi lokulitsa: ngati pali ina yokhala ndi kachitsulo ka Malaya, ndiye kuti agogo anapitanso kumeneko m'ma 1950, ndipo imeneyo imakhala ndi nambala, udindo ndi dzina. Mapepala a asilikali wamba a KAR sanapite ku London, anatsala m'maiko momwe anthuwo analembedwera, choncho yambirani ku National Archives ku Zomba ndi ku likulu la Malawi Defence Force, mutatenga dzina la mudzi, la mfumu ndi la boma monga zinalili nthawi imeneyo. Machinga wa lero mukamufune pansi pa Zomba kapena Liwonde. Ngati agogo anapatsidwa mendulo ya kulimba mtima, chifukwa chake chinalembedwa ndipo chimapezeka pa intaneti mu mndandanda wa WO 373 wa National Archives ya Britain ku Kew, mu London. Mabanja amene agogo awo analembedwa usilikali ali kale kuno ku migodi, mu Native Military Corps, akafunse kosungira mapepala a asilikali a South Africa ku Irene, kufupi ndi Pretoria. Ndipo ngati m'banja mwanu muli wina amene anapita ku nkhondo osabwerako, lembani dzina lake pa tsamba la Commonwealth War Graves Commission, kufufuza kwake n'kwaulere. Likasowa, bungwelo limalandira umboni wochokera kwa abale kuti dzinalo liwonjezedwe.